Mwana Akamawengedwa ndi Zakudya Zingapo

M'sewero lija tinamva za mayi wa ku Chitimba amene mwana wake wa chaka chimodzi amatuluka zidzolo zoyabwa akadya usipa, mazira kapena phala lotendera. Agogo anati amulodza. Mayi chifukwa cha mantha anayamba kumupatsa kondowole ndi msuzi basi.

Kodi mayiyu analakwa pati?

Sanalakwe posiya zakudya zomuwenga mwanayo. Analakwa posiya zonse. Chinangwa chimakhutitsa koma chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, ndipo mwana wodalira kondowole yekha sachedwa kutupikana. Ziwengo si ufiti. Thupi la mwanayo limaona chakudya china ngati mdani, n'kuyamba kulimbana nacho.

Nanga adye chiyani?

Pitirizani kumuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. M'phala la mgaiwa sakanizani nyemba, khobwe kapena nandolo wophika bwino ndi kupota, chigwada, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Nkhuku, mapeyala ndi nthochi n'zabwinonso. Chakudya chatsopano muzimuyambitsa chimodzi chimodzi, pang'ono, kukadali masana, ndipo padutse masiku atatu musanayese china. Mukatero wolakwa amadziwika.

Kunyanja kuno chovuta ndi mphika. Chipande chimene mwatakasira usipa musavundulire phala lake, chifukwa kwa ana ena kamsuzi kochepa n'kokwanira. Uzaninso achemwali ake ndi anansi, paja mwana woyenda amalandira chakudya khomo lililonse.

Kusikelo nenani zonse ndipo zilembedwe m'kabuku ka mwana. Chiponde muli mtedza ndi mkaka, Likuni Phala muli soya. Ngati mkaka wa ng'ombe umamuwenga, wa mbuzi nawonso kawirikawiri umatero.

Ndi liti pothamangira kuchipatala?

Milomo kapena lilime zikatupa, akamabanika, akamasanza mosalekeza kapena kulefuka atangodya, musadikire kuti kuche. Pamafunika jakisoni wa adrenaline msanga. Fikani ku chipatala cha Chitimba, ndipo akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku chipatala chachikulu monga cha David Gordon ku Livingstonia kapena cha boma ku Rumphi. Chakudya chimene chinamubanikitsapo musachiyesenso panokha kunyumba.

Ana ambiri akamakula mazira ndi mkaka zimasiya kuwawenga, koma nsomba ndi mtedza nthawi zambiri sizisiya. Nthawi yoyesanso anene ndi adokotala.