KATEMERA WOUMIKA NGATI MFUTSO

Mlimi woweta nkhuku ku Chelstone kapena ku Kabwata adziwa kuti citopa cikalowa m'khola, nkhuku zitha m'masiku owerengeka. Katemera alipo, koma akatemera ambiri afuna kusungidwa pozizira, pa madigiri 2 kufikira 8. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima nthawi yaitali mu Lusaka. Furiji ikatentha katemera afooka, ndipo mlimi ataya ndalama ndi nkhuku zomwe. Kumidzi kopanda magetsi bvutoli ndi la masiku onse.

Cifukwa cace akatswiri alinkuyesa njira yonga ya mfutso. Mphamvu ya akatemera ena iri m'mapuloteni, amene apangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso toweta m'mafakitale. Mu 1897 Eduard Buchner wa ku Germany anasinja yisiti, napeza kuti madzi ace okha, opanda kamoyo m'kati, asasitsa shuga monga mowa usasa. Lero akatswiri aphwanya tizilombo, natenga madzi a m'kati mwace, nawaumika pozizira kwambiri kufikira asanduka ufa. Ufawo ukathiridwa madzi pamodzi ndi malangizo ochedwa DNA, uyamba kupanga puloteni yofunikayo.

Mu 2021 akatswiri a ku Northwestern University, ku Amereka, anapanga katemera mwa njira imeneyi pa ora limodzi, ndipo anacinjiriza mbewa zoyesera. Pambuyo pace anapeza kuti ufawo ukasanganizidwa ndi maltodextrin, amene kawirikawiri acokera ku cimanga, ukhala ndi mphamvu milungu inai pa kutentha kwa madigiri 37. Cotero cimanga comwe ca m'nkhokwe ciri ndi mbali pa nchito imeneyi.

Koma fulumira anadya gaga. Njirayi ikali yoyesedwa, ndipo katemera wace sagulitsidwa m'masitolo a mu Lusaka. Pakali pano mlimi agule katemera pa sitolo yokhala ndi furiji yogwira nchito, amnyamule m'cikho cosunga kuzizira, osamsiya padzuwa, ndipo akamsungunula amgwiritse nchito nthawi yomweyo. Afunsenso alangizi a ziweto za katemera wa citopa wochedwa I-2, amene apirira kutentha koposa ena, ndipo adonthezedwa m'diso la nkhuku.