Mfuti Yakale Igulidwa Zingati?

Ku London kuli anthu amene amasonkhanitsa mfuti zakale zam'manja zotchedwa revolver, monga Webley Mk VI imene asilikali a Britain anayamba kunyamula mu 1915. Wogula amaitembenuzatembenuza, n'kusuzumira mumpope ngati mwadyeka ndi dzimbiri, kenako amaona ngati manambala a pazitsulo zake akugwirizana. Chodabwitsa n'chakuti mwini akaikwecha kuti iwale, mtengo umatsika. Osonkhanitsawo amafuna utoto wa kufakitale, ngakhale wofwifwa.

Kwa mlimi wa ku Mecanhelas ku Mozambique, kufupi ndi malire a Entre Lagos, zimenezi n'zachilendo. Ku Mozambique mfuti yakale inapatsidwa mtengo wamtundu wina. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itatha mu 1992, zida zambiri zinatsalira m'midzi ndi m'tchire. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo m'dzikomo anayamba kuzisinthanitsa ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Malonda anzerutu amenewo, poti njinga imafikitsa chimanga kumsika.

Zidazo ankazidula, amisiri n'kumaziwotcherera. Mpando umene mmisiri Cristóvão Canhavato anaupanga ndi zidutswa za mfuti unagulidwa ndi British Museum mu 2002.