CIGAMBA N'CA CHUBU, TAYALA LAKUTHA N'LOTAYA

M'mamawa uliwonse miseu yolowa mu Heavy Industrial Area, mu mzinda wa Kitwe, imadzaza ndi anthu opita ku nchito. Ena amacokera ku Chimwemwe, ena ku Buchi ndi ku Kwacha, ndipo pakati pao pali ambiri opalasa njinga. Dera limeneli ndi la mafakitale, mosulira zitsulo ndi nyumba zosungiramo katundu wa ku migodi. Njinga imayenda mseu umodzi ndi malole akuluakulu, m'mphepete mmene mumagwa misomali, tizidutswa ta waya ndi mafuta. Tayala likaphulika pamalo otere, nkhani siikhala ya kucedwa ku nchito cabe, pakuti munthu angathe kugwera kutsogolo kwa lole.

Ngozi yomweyi imamdikira mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke pamene atsika citunda atamanga matumba a cimanga pa keliyala, kapena atanyamula wodwala kupita naye ku cipatala. Wa m'tauni ndi wa kumudzi onse adalira mphira yopyapyala, ndipo onse ayenera kudziwa cimene angakonze okha ndi cimene sicikonzekanso.

Tayala lopopa mpweya linachuka kucokera m'caka ca 1888, pamene John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto wa ku Belfast, analipangira kanjinga ka mwana wake. Kampani yochedwa ndi dzina lake inali ndi fakitale ya matayala ku Ndola, ndipo ku Chipata kampani ya Luangwa Industries inali kumanga njinga za Eagle m'zaka za m'ma 1980. Boma litatsegula malonda pambuyo pa caka ca 1991, mafakitale ambiri a ku Ndola anatsekedwa, ndipo ya Dunlop nayonso inaleka kupanga matayala. Lero matayala a njinga amene apezeka pa msika wa Chisokone ku Kitwe kapena wa Masala ku Ndola ndi ocokera kunja, ena olimba, ena osakhalitsa. Cotero maso a wogula ndiwo ayenera kugwira nchito.

Kumata chubu ndi nchito imene aliyense angaicite pakhomo. Zofunika ndi pampu, sulushoni, zigamba, sandipepa, beseni la madzi ndi tizitsulo tiwiri tosathwa totukulira tayala. Mpeni ndi sikuludiraiva zimaboolanso chubu. Mwini njinga ayambe waona valavu, cifukwa njinga zambiri zakale ziri ndi kamphira kakang'ono m'kati mwake, ndipo kakang'ambika mpweya umathawa ngakhale chubu ciri cabwino. Ngati valavu iribe bvuto, aturutse chubu, acipope pang'ono ndi kuciviika m'madzi. Pamene paturuka thobvu ndi pamene pabooka.

Malowo aumitsidwe, akhulidwe ndi sandipepa, napakidwe sulushoni wocepa. Apa ndi pamene ambiri amalakwa, cifukwa amafulumira kuika cigamba sulushoni akali wamadzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: adikire mphindi zisanu kufikira pataleka kunyezimira, ndiyeno akanikize cigambaco mwamphamvu. Asanabwezere chubu, ayendetse zala mosamala m'kati mwa tayala kufunafuna munga kapena kawaya kamene kanabaya. Aonenso ngati mitu ya masipoko ndi yophimbika bwino pa limu. Mabowo awiri oyandikana, onga polumidwa ndi njoka, asonyeza kuti mpweya unali wocepa ndipo chubu cinapanikizika pa limu njinga itagunda mwala kapena dzenje. Mankhwala ake ndi kupopa mokwanira, makamaka ponyamula katundu.

Koma tayala ndi nkhani ina. M'kati mwake muli ulusi wolukidwa, umene ndiwo ugwira mphamvu yonse ya mpweya, ndipo m'milomo yake muli waya amene aligwiriza ku limu. Mphira ya pamwamba ndi cobvala cabe. Ulusi ukaduka palibe sulushoni amene angaulumikize.

Zizindikiro za tayala lakutha siziri zobisika. Coyamba, mizere ya pamwamba imafafanizika, tayala nkukhala losalala, ndipo m'nyengo ya mvula limaterera pa matope ndi pa phula lonyowa. Caciwiri, ulusi umayamba kuonekera. Cacitatu, m'mbali mumacita ming'alu, makamaka ngati njinga ikhalitsa pa dzuwa kapena iponda mafuta a galimoto, amene amaononga mphira. Cacinai, pamatupa cotupa conga cithupsa, kapena waya amaturuka pa mlomo. Cacisanu, njinga imaphwa kawirikawiri ngakhale mseu uli womwewo wa masiku onse. Ulusi, cotupa kapena waya zikaoneka, tayalalo lisayendenso ulendo wina.

Ena amalowetsa cidutswa ca tayala lakale m'kati mwa long'ambika, ena amalikulunga ndi malegeni. Nzeru imeneyi ndi yofikira nayo kunyumba, poyenda pang'onopang'ono, osati yoyendera mwezi wathunthu. Wokakamira tayala lotere amagula machubu mobwerezabwereza, ndipo potsiriza ndalama zake zimaposa mtengo wa tayala latsopano.

Tayala la kumbuyo ndilo limatha msanga, popeza lisenza munthu ndi katundu yemwe. Cifukwa ca ici ena amalisuntha kuliika kutsogolo, poganiza kuti kumeneko nchito ndi yopepuka. Kumeneku ndi kuitana tsoka. La kumbuyo likaphulika njinga imangogwedezeka, ndipo kawirikawiri munthu amatha kuima. La kutsogolo likaphulika cionongolero cimakana, ndipo wokwera amagwa cafufumimba. Ngati ndalama zikwanira tayala limodzi, latsopano lipite kutsogolo, ndipo limene linali kutsogolo, ngati likali labwino, lipite kumbuyo.

Pogula, safunsa anadya phula. Kukula kwa tayala kumalembedwa m'mbali mwake. Njinga zakale zakuda, za mabuleki a ndodo, zimabvala 28 x 1½, ndipo pambali pake pamakhala nambala 635. Liripo tayala linanso lochedwa 28, la nambala 622, limene silingalowe pa limu imeneyo. Njinga zambiri za magiya zimabvala 26. Njira yosasokeretsa ndiyo kulemba manambala onse pa pepala, kapena kunyamula tayala lakale popita ku sitolo. Wogula alipinde pang'ono tayala latsopanolo. Likaonetsa ming'alu, ndiye kuti linakhalitsa ndipo mphira inauma.

Zina, monga kuongola limu yopindika kapena kumasula habu, zifuna amakanika. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba m'caka ca 2005 ndipo ligawa njinga za Buffalo m'Zambia, limaphunzitsa amakanika a m'midzi pa cifukwa cimeneci. Koma kutsina tayala m'mawa uliwonse, ndi kuliyang'ana mozungulira kamodzi pa sabata, ndi nchito ya mwini njinga, ndipo siilira ndalama.