Za Chilema Chobisika M'kati mwa Makina

Mwa zinthu zonse zimene mphunzitsi wa makono apatsidwa kuti asunge, chovuta kuchimvetsa ndi makina. M'chaka cha 2023 Boma lidayamba kugawa matabuleti m'masukulu a pulaimale pa ntchito yotchedwa BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aphunzirepo kuwerenga ndi masamu. Tsono mphunzitsi amene adzatumizidwa kutali, monga kwa Dambe m'mapiri a ku Neno, kumene msewu uvuta nthawi ya dzinja ndipo mmisiri sapezeka msanga, ayenera kudziwako za matenda a makinawa.

M'kati mwa foni, tabuleti kapena kompyuta muli kachipangizo kotchedwa purosesa, ndipo ndiko kachita mawerengero onse. Pa iko kokha sikadziwa kanthu, koma katsata malangizo amene adaikidwa m'makinamo ku fakitale. Malangizowo dzina lake ndi firmware, mawu amene sadapezebe mnzake m'Chichewa. Munthu akayatsa makina, malangizowa ndiwo ayamba kudzuka, nadzutsa zina zonse, monga Windows kapena Android. Chifukwa chake chilema chokhala m'menemo chifanana ndi nankafumbwe amene walowa m'kati mwa njere ya chimanga: mwini angasese nkhokwe kangapo, koma mdani akali momwemo.

Zimenezi zidachitikadi. Pa 26 April 1999 vairasi yotchedwa CIH idafafaniza malangizo oyambitsira m'makompyuta ena, kotero kuti sadayakenso. M'mwezi wa May 2017 kampani ya Intel idavomera kuti firmware ya makompyuta ake ena a m'maofesi inali ndi mpata, woti mbala ikadatha kulowerapo ili kutali popanda mawu achinsinsi.

M'mwezi wa January 2018 padamveka zilema ziwiri zotchedwa Meltdown ndi Spectre. Gwero lake ndi ili: pofuna kufulumira, purosesa imalota ntchito imene idzafunike patsogolo niyambiratu kuichita, ikaona kuti yalota molakwa, imaitaya, koma mapazi ake amatsala. Pulogalamu ya mbala ikalonda mapaziwo ingathe kudziwa zinsinsi za mwini makina. Popeza purosesa siphwasulidwa kuti ikonzedwe, opanga ake adatumiza malangizo atsopano otsekera mipatayo.

Nkhani ina idakhudza Afrika. M'chaka cha 2020 ofufuza a Secure-D adalengeza kuti adapeza pulogalamu yoipa yotchedwa Triada m'mafoni a Tecno W2 okwana ngati 53,000, m'maiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon ndi South Africa. Idalowamo mafoniwo asadagulitsidwe, ndipo inkadya data ndi kuyesa kulembetsa eni ake ku zinthu zolipira iwo osadziwa. Kufafaniza zonse za m'foni sikudathandize, pakuti choipacho chinali pansi pa zofafanizidwazo.

Apa pali phunziro lalikulu: chilema chotere sichichotsedwa ndi mwini makina, koma ndi amene adawapanga. Nanga mphunzitsi angachitenji?

Choyamba, makina akanena kuti kwafika malangizo atsopano, amene ambiri amati update, asawakane chifukwa choumira data. Kumene netiweki ivuta, aichite ntchitoyo tsiku limene wapita pa Boma. Ngati makinawo ndi a sukulu, atsate dongosolo la amene adawapereka.

Chachiwiri, asayambe ntchitoyo batire ili yochepa. Moto ukatha malangizo akali kulembedwa, makina angathe kufa osadzukanso. Pa sukulu yodalira sola, nthawi yabwino ndi masana dzuwa litakhwima.

Chachitatu, asapereke makina a sukulu kwa munthu wa pa msika kuti awafulashe, pakuti malangizo amene iye aikamo palibe adziwa kumene adachokera. Makina akavuta, nkhani ipite kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo iye auze eni ntchitoyo.

Chachinayi, makina agone m'malo okhoma, ndi kaundula wa amene watenga ndi kubweza. Zoipa zambiri za mtundu uwu zimafuna kuti mbala igwire makinawo m'manja, kapena kuti mwini aikemo yekha pulogalamu yachilendo.

Chachisanu, pogula foni yakeyake, makamaka yosungira malipiro ake ku Airtel Money kapena Mpamba, afunse ngati opanga ake akali kutumiza malangizo atsopano. Foni imene opanga ake adaisiya ili ngati nyumba yopanda wofolera: denga likadontha, lidonthabe.

Mphunzitsi safunika kukhala mmisiri wa makina. Chofunika ndi kusamala kumene aphunzitsi akale anali nako pa masileti ndi mabuku a sukulu, podziwa kuti tabuleti imodzi ikafa kwa Dambe, ana onse amene ankalandizana adikira nthawi yaitali ina isadabwere.