Kodi Pachikwangwani Pali Nkhope ya Yani?

Tonsefe tinakwerapo minibasi kuchoka ku Chileka kupita m'tauni ya Blantyre, kapena kuchoka ku Lirangwe kudzera pa Lunzu. M'mbali mwa msewu timaona zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa sopo, mayunitsi a foni, feteleza ndi ngongole za kubanki. Anthu ojambulidwa pamenepo amakhala atatchena, akumwetulira. Tsono tidzifunse: kodi ndi kangati tinaonapo munthu woyenda pa njinga ya olumala, wosaona kapena wachialubino akutsatsa malonda ngati wina aliyense?

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kapena kuposerapo, anthu 10 ali ndi ulumali. Onse pamodzi ndi oposa 1.5 miliyoni. Anthu achialubino anapezeka oposa 134,000. Anthu amenewa amagula sopo, amavala nsalu, amaimba foni. Ndalama yawo amalonda amalandira, koma nkhope yawo kawirikawiri saifuna.

CHITHUNZI NDI MPHUNZITSI

Ife amene tinaphunzira ntchito ya uphunzitsi timadziwa kuti mwana amagwira msanga chimene waona kusiyana ndi chimene wamva. Mwana wa ulumali akamakula osaona munthu wofanana naye pa kalendala, m'nyuzipepala kapena pa wailesi ya kanema, amaphunzira kuti kukongola ndi kulemekezeka n'kwa ena. Anzake nawonso amaphunzira zomwezo. Pakutero timafika pobisa mwana kuchipinda alendo akabwera, kapena kumusiya kunyumba tsiku la ukwati.

Kuyambira chaka cha 2014 dziko lathu linachita manyazi ndi kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino, chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimabweretsa chuma. Chikwangwani pachokha sichingathetse nkhanza zotere. Komabe n'kosavuta kuchitira nkhanza munthu amene tazolowera kumuona ngati sali mmodzi wa ife. Akulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi ya pamsewu, matenda a shuga kapena ukalamba zingathe kufikira wina aliyense.

ZIMENE ZACHITIKA KALE

M'chaka cha 2016, ku Nairobi m'dziko la Kenya kunachitika mpikisano wa kukongola wa anthu achialubino. Kuno kwathu bungwe la anthu achialubino la APAM linachititsa mpikisano woyamba wotere ku Lilongwe mu September 2019. Anyamata ndi atsikana amene ankanyozedwa ndi mayina achipongwe anayenda pabwalo atavala bwino, anthu akuwomba m'manja.

Chaka chomwecho Thando Hopa wa ku South Africa, amene anaphunzira zamalamulo, anakhala mayi woyamba wachialubino kuoneka pachikuto cha magazini ya mafashoni ya Vogue, m'kope la ku Portugal. Woimba wathu Lazarus Chigwandali, amene ankaimba m'misewu ya ku Lilongwe, anatulutsa chimbale chimene chinamveka mpaka kunja. Mu 2021 a Overstone Kondowe anasankhidwa ku Nkhotakota kukhala phungu woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo.

Tisaiwalenso kuti kwa zaka zambiri anthu a ulumali analuka nsalu ndi makapeti okongola ku fakitale ya MACOHA ku Bangwe. Luso analionetsa kalekale. Chimene chachedwa n'chakuti iwo eni aoneke poyera.

TICHENJERE NDI ZINTHU ZITATU

Si chithunzi chilichonse cha munthu wa ulumali chimene chimamulemekeza.

Choyamba ndi chithunzi chochititsa chisoni. Munthu amajambulidwa ali m'nsanza, akulandira thumba la ufa, kuti wopereka atamandidwe. Chithunzi chotere chimaphunzitsa kuti wolumala ndi wopemphapempha basi.

Chachiwiri ndi kumugwiritsa ntchito ngati chokongoletsa. Kampani ingathe kuika munthu wa pa njinga pachikwangwani, chonsecho pakhomo la sitolo yake pali masitepe okhaokha, ndipo sinalembepo ntchito munthu wa ulumali ndi mmodzi yemwe.

Chachitatu ndi kujambula munthu osamupempha. Mwini nkhope ayenera kuuzidwa kumene chithunzicho chikaikidwe ndi nthawi imene chidzakhalepo. Ngati n'cha malonda, alipidwe mofanana ndi anzake. Ngati ndi mwana, makolo avomereze kaye. Kwa achialubino tisamalenso chitetezo chawo: tisalengeze mudzi kapena nyumba imene amakhala.

MALAMULO AKUTI CHIYANI?

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho la mtundu uliwonse, ndipo limatchula ulumali mwachindunji. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la bungwe la United Nations loteteza ufulu wa anthu a ulumali. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la za ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano, limene linasintha MACOHA kukhala MACODA. Choncho kuonekera poyera si chifundo chimene tikuwachitira anzathuwa ayi. Ndi ufulu wawo wachibadwidwe.

IFE TINGACHITEPO CHIYANI?

1. Pokonza kalendala, mapositala kapena malaya a gulu, tiikepo anthu onse a m'dera lathu, akugwira ntchito zawo: wolima, wosoka, woimba kwaya.

2. Pa zisudzo ndi zionetsero za zovala za achinyamata, tiitane a ulumali kuyambira pokonzekera, osangowakumbukira tsiku lomaliza.

3. Atelala athu a pa Chileka, Lunzu ndi Lirangwe afunse kasitomala zimene thupi lake likufuna. Wokhala pa njinga tsiku lonse amafuna buluku lokwera kumbuyo, lopanda matumba kapena misoko yokhuthala kumatako, chifukwa zimenezi zimayambitsa zilonda. Wa manja ofooka amafuna mabatani akuluakulu. Wachialubino amafuna malaya a manja aatali ndi chipewa cha khonde, pakuti dzuwa limayambitsa khansa ya pakhungu. Zovala zimenezi zikhalenso zokongola.

4. Tikaona chithunzi kapena kumva malonda onyoza pa wailesi, tilembe kalata kwa eni ake. Ogula akalankhula pamodzi, wamalonda amamva.

5. Tikumbukire masiku a 13 June, la anthu achialubino, ndi 3 December, la anthu onse a ulumali.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MPHAKATI

1. Kodi m'mudzi mwathu muli ana angati a ulumali amene saoneka kusukulu kapena pagulu? Chifukwa chiyani?

2. Ndi mayina ati amene timaitanira anthu a ulumali? Kodi eni ake tinawafunsa ngati amawakonda?

3. Pa mwambo wathu wotsatira, ndani amene adzakhale kutsogolo, ndipo adzasankhidwa bwanji?