Damu la Marib ndi phunziro lake kwa ife okhala ndi madamu a dothi

Mvula yayandikira, ndipo ambiri mwa ife tili ndi maiwe a nsomba kapena timathirira dimba ndi madzi a damu la m'mudzi. N'chifukwa chake taganiza kuti tikambirane za damu lina lakale lomwe chigumula chake chikutchulidwa m'Qur'an, mu Surah Saba, ndime 15 ndi 16.

Damuli linali ku Marib, m'dziko la Yemen, komwe kunali likulu la ufumu wa Saba. Linamangidwa zaka zoposa 1,000 Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, asanabadwe. Khoma lake linali la dothi lotsendera, lotalika mamita pafupifupi 600, lotchinga chigwa cha Adhanah. Kumapeto onse awiri anamangako zipata zamiyala zotulukira madzi. Kumeneko n'kouma, mtsinje suyenda chaka chonse. Mvula ikagwa kumapiri, madzi amatsika mwaukali kwa masiku ochepa basi. Khomalo linkawaimitsa n'kuwakweza kuti alowe m'zipata zija, apite m'ngalande. Motero ankathirira mahekitala pafupifupi 10,000, minda ya kumanja ndi ya kumanzere kwa chigwa.

Koma madzi a chigumula sabwera okha, amanyamula mchenga ndi matope. Chaka ndi chaka matope ankaunjikana kuseri kwa khoma, malo a madzi n'kumachepa. Eni ake ankakakamizika kukweza khoma, mpaka linafika mamita pafupifupi 14. Linkagumukanso nthawi zina. Miyala yolembedwa yomwe inapezeka kumeneko imasimba za kugumuka ndi kukonzedwa kwake cha m'ma 450, kenako m'zaka za m'ma 540. Ulendo wachiwiriwu anatsogolera ntchito ndi Abraha, yemwe uja timamumva pa nkhani ya njovu. Nthawi zonse anthu ankasonkhana miyandamiyanda n'kulikonza. Koma cha m'ma 570 litagumuka, panalibenso olikonza. Minda inauma, anthu anabalalika. Mbiri ya Aarabu imati makolo a mafuko a Aus ndi Khazraj, omwe anadzalandira Mtumiki ku Madina, anachoka ku Yemen chifukwa cha kuwonongeka kwa damuli. Mu 1986 kunatsegulidwa damu latsopano, la dothinso, lalitali mamita 38, kumtunda pang'ono kwa mabwinja akale. Ndalama zake anapereka ndi Sheikh Zayed wa ku Abu Dhabi.

Pali nthano yakale yoti makoswe ndiwo anafukula khoma la Marib. Imeneyo ndi nthano, koma mlimi aliyense akudziwa kuti mkati mwake muli nzeru. Khoma la dothi, likhale la ufumu kapena la dziwe lathu la makumba, limagwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi madzi kusefukira pamwamba pake. Dothi silipirira madzi othamanga: amayamba ndi kakhwawa kakang'ono, pakapita maola ochepa khoma ladukiratu. Yachiwiri ndi madzi kulowa mkati kudzera mu una wa khoswe, wa nkhanu, njira ya chiswe kapena muzu wowola. Amatuluka kunja atanyamula dothi pang'onopang'ono, dzenje n'kumakula osaoneka.

Ubwino wake ngwakuti khoma lotere kawirikawiri limachenjeza. Tiziyenda pamwamba pake ndi kunsi kwake, makamaka mvula yamphamvu ikangotha. Tiyang'ane ming'alu, malo otitimira, ndi pamene pakumera udzu wobiriwira kwambiri pomwe pena pauma. Chinyezi pang'ono kunsi kwa khoma sichachilendo. Koma madzi otulukawo akakhala odetsedwa ndi matope, kapena akamachuluka tsiku ndi tsiku, ndiye kuti khoma likudyeka mkati. Pamenepo osadikira Jumu'ah kuti tikalengeze ku mzikiti ayi. Tidziwitse amfumu ndi alangizi tsiku lomwelo, ndipo okhala kunsi kwa damu asamukire kumtunda kaye.

Mvula isanayambe, tilambule njira yotayira madzi osefukira. Ena amaitseka ndi matumba a mchenga kuti asunge madzi ambiri, ena amaikapo ukonde wogwira zinyalala. Uko n'kuitana ngozi. Pakhoma tibzale kapinga, osati mitengo. Chulu tisachilekerere, ng'ombe zisamapondepo. Kumtunda kwa damu tisalime mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Tibzale vetiva kuti dothi la m'minda lisadzaze damu monga zinachitikira ku Marib. Ana tiwaletse kusambira m'damu: pansi pake m'poterera ndi pozama mwadzidzidzi, komanso madzi oima amasunga nkhono za likodzo.

Qur'an ikutiuza kuti anthu a Saba anapatsidwa zabwino koma sanathokoze. Kuthokoza si kwa pakamwa pokha. Damu ndi amana: silili la amene ali ndi dimba pafupi yekha, lilinso pa mutu pa mwana amene akugona m'nyumba ya kunsi kwake. Kudalira Allah sikutichotsera udindo wonyamula khasu. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Tiyeni sabata ino tipite tikaone khoma lathu. Allah atisunge pamodzi ndi mbewu zathu. Ameen.