Malisiti ali bwino, koma mlandu sunazengedwe

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yolondoloza ndalama za boma, amaganiza kuti ndimakhalira kusaka akuba. Chichitikireni kubedwa kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate mu 2013, ganizo limeneli linamera mizu. Akuba alipo ndithu, koma ndalama zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zija zimangotha popanda wozikhudza, malisiti ake ali bwinobwino.

Onani za Legal Aid Bureau, bungwe lopereka maloya kwa anthu amene sangathe kulipira. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo linayamba ntchito mu 2015, kulowa m'malo mwa dipatimenti imene inali pansi pa Unduna wa Zachilungamo. Gwero lake ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino, limene limati womangidwa apatsidwe loya wolipidwa ndi boma ngati chilungamo chikufuna kutero. Ndalama zake amavomereza ndi aphungu, ndipo mabuku ake amayenera kuunikidwa monga a bungwe lililonse lodya misonkho.

Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Namitambo wamangidwa pomuganizira kuti wapha munthu. Majisitireti wa pa boma la Chiradzulu alibe mphamvu yozenga mlandu wotere, ngwa Bwalo Lalikulu. Loya wake ayenera kukacheza naye kundende, kenako akafufuze mboni kwa Kadewere kapena kwa Nkalo. Apa pafunika mafuta a galimoto, alawansi ya dalaivala ndi mapepala. Tsiku la mlandu lafika, mboni ya boma sinabwere chifukwa inasowa thiransipoti. Woweruza waika tsiku lina.

Vocha ya ulendo umenewu ikafika pa desiki panga, ndimapeza siginecha zonse zilipo, makilomita akugwirizana ndi malita a mafuta. Ndimachonga. Komatu boma lagulapo chiyani? Palibe.

Choipa kwambiri n'chakuti kuwonongeka kumeneku sikuoneka m'buku limodzi. Mafuta a loya ali m'bajeti ya Bureau, tsiku la woweruza lili m'bajeti ya makhoti, galimoto yonyamula woganiziridwayo ndi ya apolisi, ndipo mgaiwa ndi nyemba zimene adye miyezi yodikirayo ndi za nthambi ya ndende. Aliyense payekha mabuku ake ali oyera. Wophatikiza zonse pamodzi palibe.

N'chifukwa chake pali kauniuni wamtundu wachiwiri, woona zotsatira osati malisiti okha. Timafunsa kuti milandu yotsegulidwa ndi ingati, yatha ingati, yaimitsidwa kangati, ndipo chinaimitsa n'chiyani. Kusowa kwa ndalama n'koona; kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya mafuta inangokhala ya pa pepala. Koma njira zotchipa tili nazo kale. Kuyambira mu 2000, alangizi a zamalamulo amene lero ali pansi pa bungwe la PASI akhala akulowa m'ndende, kupeza amene apitirira nthawi ali pa limandi, ndi kuthandiza kuti majisitireti akamvere nkhani za belo kundende komweko. Mlangizi mmodzi wotere amachepetsa maulendo ambiri a loya.

Komiti ya aphungu yoona za kayendetsedwe ka ndalama za boma ikadzaitana akuluakulu a Bureau, ndikanakonda iitanenso apolisi, a makhoti ndi a ndende tsiku lomwelo, aliyense atanyamula kaundula wake wa milandu yoimitsidwa.